Njerwa Zinayi Pansi pa Makina

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, patchuthi nditalemba mayeso a Fomu 2, ndale za matipati zitangoyamba kumene. Iwo ankayendetsa makina ocheka matabwa pa shedi ina ku Ndirande. Ine ndinkaima kuseri kwa sowo, kulandira thabwa likamatuluka, kenaka kuwola utuchi m'matumba.

Makinawo anali aafupi. Miyendo yake idadyeka ndi dzimbiri, eni ake n'kungoidula m'malo moika ina. Tebulo la makinawo linkawalekeza amalume m'ntchafu, chonsecho anali munthu wamtali. Tsiku lonse ankakankha matabwa ali chiweramire, nkhope ili pafupi ndi mano a sowo. M'mawa uliwonse ankadzimanga m'chiuno ndi mphira wa chubu cha galimoto, ine n'kumawathandiza kukoka. Poweruka ankayenda atagwira msana ngati nkhalamba.

Ndinalemba m'kabuku kanga kuti njerwa zinayi za simenti, imodzi pansi pa mwendo uliwonse, zikhoza kuthetsa vutoli. Nditalimba mtima ndinakawauza akapitawo.

"Iwe mwana wasukulu, wabwera ndi tsache kapena ndi choko?" anatero, antchito onse n'kuseka. "Tikaimitsa makina, maoda acheka ndani?"

Amalume anandikokera pambali. "Usandichotsetse ntchito, mwanawe. Pageti paja pali anthu angati ofuna malo angawa?"

Ndinabwerera kukawola utuchi.

Lachinayi lina kunabwera mlombwa wauwisi, wolemera zedi, mwini wake ataima pomwepo kudikira. Sitinapume masana. Amalume akukankha thabwa lalitali, msana unawagwira. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Kuwongoka kunakanika, kubwerera m'mbuyo kunakanika. Anagwera kutsogolo, dzanja lamanja likutsetsereka pathabwa. Ine ndinali mbali inayo, manja onse awiri atagwira thabwalo, ndipo ndikanalitaya sowo ikanaliponya pamimba pawo. Swichi yozimitsira makina inali kukhoma, patali. Ndinangokuwa.

Zala ziwiri zinatsala mu utuchi. Tinamasula mphira wa m'chiuno uja n'kumanga nawo mkono kuti magazi achepe. M'minibasi yopita kuchipatala ankangobwereza mawu amodzi: "Mayi ako usawauze msanga."

Lolemba ndinapita kukatenga chikwama chawo. Pamakina panali kale munthu wina, ataima chilili. Pansi pa mwendo uliwonse panali njerwa ya simenti. Akapitawo anandipatsa chikwamacho akuyang'ana kumbali.

Amalume sanagwirenso makina. Ankangokhala pakhonde, ndipo ndikamapita kusukulu ankandikwezera dzanja lomwelo, akumati ndilimbikire.

Sindidziwa ngati akapitawo akanandimvera ndikanalankhula kachiwiri, kachitatu. Ndinali wamng'ono, ndipo ntchito sinali yanga. Koma tsamba la njerwa lija sindinaling'ambe. Tsopano ndikaona munthu akugwira ntchito chowerama, ndimayamba ndayang'ana miyendo ya tebulo lake. Ndikapeza kuti ndi yaifupi ndimanena, ndipo akandiseka ndimanenanso.