Lachisanu la Bambo ndi Buku la a Raman

Ndikukumbukira chaka chimene agogo anamwalira ku Mangochi, ine ndili ndi zaka khumi. Tinkakhala kunja kwa dziko, m'dera la Bin Mahmoud, pamwamba pa lesitilanti. Bambo ankagwira ntchito kuhotela, ndipo livi yopitira kumudzi sinatheke. Maliro a mayi awo anawaonera pafoni, ali tsonga kukhitchini, osagwetsa msozi.

Lachisanu lokha ndi limene ankapuma, ndipo linali tsiku langa. Tinkakwera sitima ya metro kupita ku Msheireb kukadya ayisikilimu. Koma maliro atapita, Bambo anayamba kumagogoda pakhomo loyang'anizana ndi lathu, kwa a Raman, bambo wachikulire wa ku India. Ankakhalako mpaka dzuwa kupendeka.

Amayi anandiuza kuti amakawerengerana buku. Ndinadana nalo bukulo ndisanalione. Ndinkakhala pamasitepe, fungo la lubani likutulukira kunsi kwa chitseko, a Raman akuwerenga ngati akuimba. Ndikamva Bambo akuseka, mtima unkandiwawa.

Tsiku lina ndinaima pakhomo pathu Bambo akutuluka. "Ababa, kodi a Raman ndiye mwana wanu tsopano?"

Bambo anatembenuka n'kunena kuti, "Yalla, tiye, vala nsapato."

Anapita nane kwa a Raman. Bukulo linali lokutidwa ndi nsalu yofiira, zilembo zake ngati zovala zoyanika pachingwe. A Raman anati ndi malemba akale a Chihindu, a chinenero cha Sanskrit. Ankawerenga mzere umodzi waufupi, n'kuumasulira m'Chingerezi mpaka tiyi kuzizira. Amati pali chenicheni chimodzi chimene zonse zimachokerako, chosabadwa ndiponso chosafa, ndipo chimene chili mkatikati mwa munthu si chosiyana nacho.

Bambo, munthu wosaphonya kumzikiti, anatsutsa zambiri. Kenaka anafunsa chapansipansi, "Ndiye mayi anga ali kuti?"

A Raman anatseka buku, n'kuwagwira dzanja. Bambo analira mpaka mapewa kugwedezeka.

Nsanje yanga inangokula. Misozi imene anatimana ife kunyumba, ankaipereka kwa mlendo! Sabata yonse sindinawalankhule.

Bambo sanasinthe chipembedzo, ndipo bukulo sindinaliwerengepo mpaka lero. Koma tsopano ndili ndi ana anga, ndipo chaka chatha ndinaika Bambo m'manda. Ndinkawaphikira anawo ndikumwetulira, kenaka n'kupita kukalirira kwa mnzanga. M'pamene ndinamvetsa kuti kwathu Bambo ankayenera kukhala bambo tsiku lililonse. Kwa a Raman kokha ndi kumene ankaloledwa kukhala mwana wamasiye.