Nthambi ya Kumanzere

Banja la Oražem silinkadziwa njira ya kubutchala. A Vinko anali ndi agogo amene ankapha nswala mozemba m'nkhalango ya bwana wina wachuma, m'masiku amene munthu wamba akapezeka ndi mwendo wa nyama ankakagona kundende. Bambo awo anadzaisaka ndi chilolezo, atavala jekete yobiriwira ya bungwe la alenje, koma njala imene inkawatuma inali yomweyo. A Vinko anabadwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, m'mudzi wa nyumba zowerengeka kuseri kwa tauni ya Kočevje, ndipo akamanena za ubwana wawo ankangoti kunali mbatatesi, kabichi wowawasa ndi nswala. Chaka chimene nswala yasowa, ana ankatuluka m'nyengo yozizira ya chipale chofewa miyendo ili ngati mapesi.

Anakula ali munthu wouma pakamwa. Moyo wawo wonse anagwira ntchito pamalo ochekera matabwa, pomwe phokoso la makina limakhululukira munthu wosayankhula, ndipo khutu limodzi analisiya komweko. Anthu amati ngakhale mkazi sanafunsire n'komwe. Anangosiya mwendo wa nswala pakhomo pa makolo a Milka, sabata yotsatira n'kusiya wina, mpaka bambo a mtsikanayo anati amutenge miyendo isanakwane inayi. A Milka ndiwo ankayankhulira onse awiri, ndipo sankatopa nazo.

Mwana anabereka mmodzi, Damjan. Bambo ake anamuphunzitsa kuyenda mphepo ikumuomba kumaso, kukhala pansanja yodikirirapo nyama osakanda ngakhale pamene pakuyabwa, ndiponso kulasa kuseri kwa mwendo wakutsogolo kuti nyama isavutike. Zonsezi anamuphunzitsa ndi chala ndi chibwano. Damjan anatengera pakamwa pa mayi ake, choncho m'nkhalango ankapirira, koma akangofika pagalimoto ankabweza mawu onse amene anawameza. Anakwatira Polona, mtsikana wa m'tauni ya Novo Mesto, amene tsiku loyamba kuona nswala ikusendedwa anathawira kuseri kwa nkhokwe ya nkhuni. A Milka sanamuseke. Anamupatsa mpeni, ndipo pofika chaka chimene iwo anamwalira, Polona ankachotsa mnofu pafupa mwaukhondo kuposa amuna onse a m'nyumbamo. Panali patabadwanso kamtsikana, Neža, moti patebulo pankakhalabe anthu anayi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi wa Febuluwale wa chaka china madzi oundana panthambi anathyola mitengo m'nkhalango yonse, ndipo Damjan anali m'gulu la amuna olembedwa kukaichotsa. Mtengo umene ankadula unali wopindika, unafwamphuka n'kumumenya pachifuwa. Anzake atafika naye kumsewu n'kuti atatsirizika kale.

A Vinko sanalire. Anthu a m'mudzi, amene amakonda kutamanda zinthu zimene sakuzimvetsa, ankati bamboyo ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba. Mtima wawo unangochita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ndipo iwo ankadikira kuti dzanzilo lithe, ululu ubwere. Sunabwere. M'mawa uliwonse ankavala chipewa chawo chaulenje, kupita kumanda, kuima pamenepo manja lende, n'kubwerera kudzakhala pampando wa pafupi ndi mbaula. Neža akawaonetsa zimene wajambula kusukulu ankati zili bwino, maso ali pakhoma. Mfuti inali m'kabati yake yokhoma. Sanalumbire kuti asiya kusaka, kungoti mwendo sunkanyamuka.

Nyama ya mufiriji inatha m'chilimwe. Polona anayamba kugula nkhuku za m'sitolo, zoyera mbuu zija zimene a Vinko kale ankati zimakoma ngati thaulo lonyowa. Tsopano ankazidya osafunsa kanthu, ndipo zimenezi zinamuopsa mpongozi wawoyo kuposa zina zonse.

Masamba atayamba kuyoyoka, Polona anayankhula. Anali akusenda mbatatesi, ndipo sanadzutse mutu. Anati mayi ake ali ndi chipinda chopanda munthu ku Novo Mesto, ntchito kumeneko ikupezeka, sukulu ili pafupi. Anati sanatsimikize, koma chipale chisanatseke msewu ayenera kukhala atadziwa chochita.

"Sikuti ndatopa nanu, bambo," anatero. "Koma mwana sindingamulerere pamaliro osatha. Neža wayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba ya kwawo."

A Vinko anamva bwinobwino, chifukwa Polona anakhala mbali ya khutu lamoyo. Chimene ankadziwa n'chakuti akapita awiriwa, m'nyumbamo mutsala iwo ndi mbaula. Sanachite mantha monga mmene munthu amayenera kuchitira, anangoiona nkhaniyo ili patsogolo pawo ngati chitsa pamsewu. Ndiye anaganiza mmene amuna a ku banja lawo akhala akuganizira kuyambira kale: nyumba imene muli nyama ya nyengo yonse yozizira ndi nyumba yamoyo, ndipo munthu saithawa. Akabwera ndi nswala, Polona aona kuti maliro atha.

Anapukuta mfuti, anakauza a Slavko, mnzawo wa paubwana amene amasunga makiyi a nyumba ya alenje, ndipo m'mamawa wina kukuyera analowa m'nkhalango.

Nsanja imene anakwera anaikhoma ndi Damjan. Pathabwa lokhalira panali malo a anthu awiri, ndipo iwo anakhala mbali yawo ya nthawi zonse, mbali inayo n'kuikapo chikwama. Kunkazizira. Nkhungu itayamba kukwera, nswala zinatuluka m'mitengo kudzadya m'dambo, zazikazi patsogolo, yamphongo yaing'ono ya nyanga ngati zala pambuyo. Kale pa nthawi ngati imeneyi mtima wawo unkagunda mpaka m'khutu logontha lija. Tsikuli unali zii. Manja anagwira ntchito imene amaidziwa, mfuti inalira kamodzi, yamphongo ija inathamanga pang'ono n'kugwa m'mphepete mwa dambo.

Mlenje wa kuno sathamangira mpeni. A Vinko anaigoneka nswalayo chakumanja kwake, anapita pamkungudza n'kuthyola nthambi ziwiri ndi manja, pakuti nthambi yamwambo sadula ndi chitsulo. Imodzi anaiika m'kamwa mwa nswala, chakudya chake chomaliza. Anavula chipewa n'kuima kanthawi. Apa munthu amayenera kuthokoza, ndipo iwo anaima nthawi yokwanira kuthokoza. Kenako anaviika nthambi yachiwiri m'magazi a pabala kuti aitsomeke pachipewa.

Nthambi ya nyama imapita kumanja kwa chipewa, ndipo aliyense wokuona amadziwa kuti kunyumba kwako kudyedwa chiwindi. Kumanzere n'kwa maliro. Alenje amaitsomeka kumeneko akamaperekeza mnzawo, ndipo malipenga akalira aliyense amaizula n'kuiponya m'manda. A Vinko anali atatsomeka nthambi kumanja kambirimbiri pa moyo wawo, koma komaliza kugwira chipewa ndi nthambi kunali pamaliro a Damjan. Dzanja linapita kumanzere. Iwo sanadziwe, anavala chipewa n'kusolola mpeni.

Kuikokera nswala kumsewu kunawatengera m'mawa wonse, chifukwa ntchito imeneyi kale inali ya msana wa Damjan. Atafika kunyumba ya alenje anapeza a Slavko akuwaza nkhuni, ndipo a Slavko ataona ziboda zikusuzumira kumbuyo kwa galimoto anaponya nkhwangwa pansi.

"Taonani nkhalamba! Ine ndimayesa mfuti ija unaisandutsa ndodo yoyendera. Waiombera wekha imeneyi, kapena yafa ndi phwete itakuona ukukwera nsanja?"

"Tsegula chitseko, Slavko."

"Ndikutsegula, bwana, ndikutsegula. Galu wamkota sakandira pachabe, ndinawauza anyamata aja. Iwowo mwezi wathunthu akungowopseza agologolo."

Anathandizana kuipachika m'chipinda chozizira kuti ikhale masiku angapo nyama ifewe. Chiwindi ndi mtima, zimene ndi gawo la wolasa, a Vinko anaziika m'kandowa. A Slavko anatulutsa botolo la kachasu ndi timatambula tiwiri, pakamwa pasakupuma, ndipo pozungulira tebulo anafika mbali ya kumanzere kwa mnzawo. Nthabwala inathera pakati. Anayang'ana chipewacho, anayang'ana pansi, anavula kapusi yawo n'kuyamba kuipotokola. A Slavko ndi munthu woti akhoza kuuza wansembe kuti ulaliki wake unali wogonetsa, koma apa lilime linawakanika. Anangoti chaka chino chipale chifulumira. A Vinko anavomera, anamwa, n'kunyamula kandowa kawo.

Polona anali pabwalo akuanula zovala. Ataona kandowako anasiya dengu, ndipo nkhope yake inachita chinthu chimene inali isanachite chiyambire Febuluwale.

"Mwapha, bambo?"

"Yamphongo yaing'ono. Yonona."

Anapukuta manja pa epuloni n'kubwera mofulumira, akunena kuti anyezi alipo, Neža akaweruka kusukulu apeza fungo lake lija, mwina aitanenso a Slavko adzadye nawo. A Vinko anatembenuka kuti atseke chitseko cha galimoto. Atatembenukanso anapeza Polona ataima chilili, manja ali m'malere pamene ankati alandire kandowa.

"Bambo, chipewa."

Anachivula. Nthambi inali pamenepo, kumanzere, magazi atauma pansonga. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anadziwa tanthauzo lake, anadziwanso kuti mkazi amene waima patsogolo pawoyu anaiona komaliza mbali imeneyi ataimirira m'mphepete mwa dzenje la mwamuna wake. Anadikira kuti mwina tsopano china chake chithyoka m'chifuwa, chituluke, Polona achione. Munalibe chimene chinasuntha.

"Lapita lokha dzanjali," anatero.

"Ndikudziwa, bambo. N'chifukwa chake."

Anaizula nthambiyo n'kuitsomeka kumanja, koma inali ntchito yochedwa, ndipo onse awiri anaona kuti yachedwa. Polona analandira kandowa n'kulowa m'nyumba. Chiwindi anachikazinga ndi anyezi monga mwa masiku onse, chinakoma, ndipo Neža anapempha china. Za ku Novo Mesto sizinatchulidwe tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. A Vinko ankati mwina nkhaniyo yagona. M'mawa ankapitabe kumanda, poti mapazi anali atazolowera.

Loweruka anakaitenga nswala ija. Anayala pulasitiki patebulo la kukhitchini, ananola mipeni, ndipo anagawana ntchito monga kale: iwo kumasula miyendo ndi msana, Polona kuchotsa minofu, kudula ndi kukulunga za mufiriji. Mawindo anali atachita nthunzi. Polona ankadula msanga, mutu uli pansi, n'kumaunjika timapukusi kumapeto kwa tebulo.

Atamaliza mwendo wachiwiri m'pamene a Vinko anayang'ana mulu uja. M'nyumba imeneyi nyama ankaikulunga m'mapukusi akuluakulu, lililonse lodzaza poto wa banja lonse. Timene tinali patebuloti tinali ting'onoting'ono, kalikonse kokwana m'dzanja limodzi. Anatola kamodzi n'kukayeza m'manja. Kanali ka munthu mmodzi.

Polona anaona kuti aona. Sanasiye kudula.

"Kalikonse n'ka poto wamng'ono uja wa chivundikiro chofiira," anatero. "Mukatulutsa m'mawa, pofika masana kasungunuka. Musamaphike pamoto waukulu, imauma. Mchimwene wanga abwera ndi galimoto Lachisanu."

A Vinko anabweza kapukusi kaja pamulu. Anafunsa ngati ku Novo Mesto kuli firiji yokwana msana wonse, poti Neža amakonda nyama ya pamsana. Polona anati ilipo, ndipo anapukuta m'maso ndi mkono chifukwa m'manja munali magazi. A Vinko anayang'ana misozi yakeyo, ndipo anamusirira.

Kenako anakoka mwendo wachitatu, anayang'ananso kukula kwa nthuli za Polona, n'kuyamba kudula zofanana nazo.