Nkhoswe ya Injiniya Hakizimana

A Jeremiah Hakizimana anafika m'Malawi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kuchokera ku Burundi, atagwira chitenje cha mayi awo. Mayiwo anamwalira ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, mwana n'kutsala yekha ndi mabuku. Koma mutu unalipo! Sekondale anaiwoloka ngati ngalande, ku Blantyre n'kukatenga digiri ya zamadzi.

Ntchito anaipeza ku bungwe lina lokumba mijigo ku Mitundu. Mjigo ukafa, anthu ankati "a injiniya athu." Madzi akatuluka, ankangoti "Mburundi uja." Zaka zisanu ndi zitatu zinatha choncho.

Kenaka anakondana ndi Elube wa ku Nathenje, mphunzitsi wa sitandade 4. Munthu wa sukulu ndi wa sukulu basi: kokafunsira mbeta ananyamula fayilo ya masatifiketi.

A Gilibati, malume ake a Elube, anaitembenuza fayiloyo n'kuibweza. "Mapepalawa ndi okongola, bambo. Nanga banja likadzavuta, tidzakadandaula kwa pepala? Ankhoswe anu ali kuti? Popanda nkhoswe, mkazi palibe."

Mtima wa a Jeremiah unasweka. Pansi pa nthaka ankadziwa pamene pali madzi, koma pamwamba pake analibe ngakhale msuweni. Anapempha abwana awo ku ofesi kuti akhale nkhoswe yawo, iwo n'kuti alembe kalata, komiti ikaone.

Nkhani inafika kwa a Efulemu, wapampando wa komiti ya mjigo wa m'mudzi wina ku Mitundu, amene sanawapatsepo mlendoyu ngakhale dzungu limodzi. Atamva kuti injiniya akakwatira akakhala mkamwini ku Nathenje, anadzidzimuka. Nanga mjigo ukadzafa? Abwererenso ku dambo? Ha! Chibale chinaphuka tsiku lomwelo.

Loweruka anthu khumi ndi awiri, a Efulemu ali patsogolo, anatsika minibasi pa Nathenje, onse "achibale a mwamuna." Wina ankati ndi malume, wina azakhali, koma dzina la Hakizimana linawakanika onse kutchula.

"Mwana wathuyu sakhala chikamwini," anatero a Efulemu. "Tikupempha chitengwa. Mkazi tipita naye kwathu."

A Gilibati sanali mwana. "Kwanu kutiko? Uyu si Mburundi? Unkhoswe si wa phwando lokha, bambo. Akadzamwalira, maliro tidzakatula kwa yani?"

Azakhali ongodzipereka aja anayamba kuyang'ana zikhadabo. A Jeremiah anawerama, manyazi atawagwira, chifukwa funsolo iwonso linkawasautsa kuyambira ali mwana.

A Efulemu anatsokomola, anayang'ana anzawo, n'kuti, "Mudzatula kwa ine. Manda athu ali kuseri kwa dimba langa. Adzagona pafupi ndi bambo anga."

A Jeremiah ankadziwa bwinobwino kuti chawayendetsa anthuwa ndi mjigo. Komabe misozi inangoti mbwe, pamaso pa apongozi pomwe. Kuyambira pamene anabwera m'dziko muno, palibe amene anawalonjezapo malo.