Chala chakuphazi pa bilu ya amalume

Tchuthi chathachi amalume anandilemba ukalaliki wopanda malipiro, ati sekondale yanga ioneke phindu lake. Iwo ntchito yawo ndi yopezera kampani yogula thonje anthu onyamula mabelo kukakweza m'mabogi pa siteshoni ya Salima. Kampaniyo silipira wonyamula mwachindunji ayi. Mwezi ukatha amalume amatumiza bilu: dzina la munthu, masiku a pa tikiti yake, phoso lomwe wadya, pansi pake kagawo kawo. Ndalama zikatuluka m'pamene anthu amalandira. Koma kalaliki wa kampani ali ndi lamulo lake lopweteka mutu: dzina lililonse likhale ndi chidindo cha chala, pakasowa chimodzi bilu yonse ibwerera.

Tsiku lodinda, anthu khumi ndi mmodzi anali atapita ku Chipoka kumaliro a mnzawo. Amalume anali ku Chitala kosaka antchito ena. Otsalawo anandizinga pakhonde.

"Akalaliki aang'ono, msonkho watipana. Tidikire akumaliro?"

Ndinayang'ana manja anga. Zala khumi, anthu khumi ndi mmodzi. Ndinadinda chala chimodzi pa dzina lililonse, kwinaku ndikupendeketsa kuti zisiyane. Pa dzina lotsiriza, la mdala wina wa ku Chipoka komweko, ndinavula nsapato, n'kuika pepala pansi, n'kupondapo ndi chala chachikulu. Khonde lonse linafa nalo phwete.

Mawa lake amalume anapita nayo bilu osaiona n'komwe, ine ndili pambuyo. Kalaliki uja anatsetsereka ndi pensulo mpaka pansi, n'kuima.

"Bambo, munthu uyu chala chake n'chachikulu ngati mbatata. Amanyamula mabelo awiriawiri?"

Ndinayesa kudziletsa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno.

"Iwe!" anatero amalume, khutu langa lili kale m'dzanja lawo.

Ndinauza kalalikiyo mwaulemu wonse kuti mabelo anakwera, sitima inapita, matikiti ndi odzaza. Chala chikuwonjezerapo chiyani? Anati chikuwonjezera milungu itatu, chifukwa bwana wosaina wapita ku Limbe, ndipo tsopano aliyense adzadinde pamaso pake.

Milungu itatu! Anthu ankafika m'mawa uliwonse kudzakhala pakhonde. Omwe anaseka kwambiri aja ndiwo ankandiyang'ana moipa. Amalume anagulitsa njinga kuti akongoze ndalama anthu awiri amene amesenjala a msonkho anali atawagwira kale.

Tsiku litakwana, anafola onse. Kalaliki ankangogwira dzanja, kuviika mu inki, kudinda, maso ali pawindo. Sanafunse dzina ngakhale limodzi. Ndalama zinatuluka zomwezo za pa bilu yanga, osasiyana ndi kobiri. Mdala wa ku Chipoka atalandira zake anandiyandikira.

"Mwana wa sukulu, wallahi, pali Mulungu, unasowa china chondipatsa? Phazi?"

Ndinamuuza zoona, kuti kulakwa kwanga kunali kumodzi: ndikanadindira chala chachiwiri chakuphazi, chimafanana ndi chamanthu cha kudzanja. Amalume anamva, ndipo sanandilolenso kugwira inki.