Tepi ya Malemu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'kachipinda kozizira ka makompyuta kuseri kwa ofesi. Abwana anga anali mayi achilomwe a kwa Nchilamwela, aafupi, a mawu aakulu, okonda kundiseka kuti ine mwana wa ku Kasungu ndimayamba kunjenjemera chiperoni chisanatsike n'komwe. Ndinkawakonda mayi amene aja, ngakhale tinkakangana tsiku ndi tsiku.

Ntchito yathu inali kusamala seva, kompyuta yaikulu imene ofesi yonse inkasungamo zinthu zake. Madzulo aliwonse tisanaweruke tinkalowetsa tepi m'makina n'kukopera zonse, kuti seva ikadzafa tidzakhale ndi pogwira. Matepiwo anali ochepa, ndiye tinkachita kasinthasintha. Tsiku la tepi likafika, zakale zinkafufutika, zatsopano n'kulowa.

Ndiye anamwalira akalaliki a ku fakitale, bambo amene ankatsogolera kwaya ya tchalitchi cha pa esitetipo. Bambowo ankajambula kwaya ikamayeserera, n'kumaunjika nyimbozo pa seva ya kampani. Tinawaletsa mpaka kutopa. Atamwalira, a kulikulu la kampani anatsata lamulo, anachotsa foda yawo yonse pa seva anthu tisanabwere n'komwe kumanda. Mawu a bambo aja anangotsala pa tepi ya Lachinayi basi, ndipo Lachinayilo silinachedwe kufika.

Nditaitenga kuti ndiilowetse m'makina, abwana anandigwira dzanja.

"Iwe, ukutani? Katundu wa malemu sakhudzidwa abale asanabwere."

"Mayi, iyitu ndi tepi ya kampani, si jekete lawo ayi!"

"Jekete, tepi, n'chimodzimodzi. Kwanu ku Kasungu mumagawana zovala maliro ali m'nyumba?"

Ndinapsa mtima, kunena zoona. Tepi imodzi ikachoka, kasinthasintha yense amasokonekera. Ya Lachitatu inayamba kugwira ntchito kawiri, ndipo kupempha yatsopano kulikulu kunali kungotaya malovu. Koma iwo anaikulunga m'kathumba konyezimira kolongedzeramo tiyi kuti chinyontho chisalowe, n'kuitsekera mu sefa yachitsulo yosungiramo ndalama. Ndikadandaula ankangoti, "Usade nkhawa mwanawe, ukadzamwalira iwe ndidzakusungiranso zako."

Akazi a malemuwo anali atabwerera kwawo kwa Changata. Abwana anatumiza uthenga kudzera mwa dalaivala wa lole yokatenga masamba kwa alimi a kumudzi, kuti abwere adzatenge za amuna awo. Mvula inakula, misewu inaterera, sanabwere. Ine mantha anga anali pa nkhungu, chifukwa kuno ngakhale nsapato imamera ubweya ukaiiwala pansi pa bedi. Tepi ikagwidwa nkhungu, basi zatha, palibe sing'anga wake.

Akazi a malemuwo anabwera mvula itadukiza, adakali mu zakuda. Mpando wathu wozungulira anaukana, anakhala pa bokosi la mapepala. Abwana anawalonjera m'Chilomwe nthawi yaitali, kufunsa za ana, za munda, za msewu, kenako anandikodola. Ndinamasula kathumba kaja, ndinalowetsa tepi. Makina anaimeza, analira pang'ono, n'kuilavula.

Mayo ine! Thukuta linandituluka m'chipinda chozizira chija. Ndinayang'ana mayi wamasiye uja, atayenda ulendo wonsewo, ndipo ndinasowa poika maso.

"Usathamange magazi," anatero abwana. "Yamba walowetsa tepi yotsukira makina, makinawa adya fumbi."

Ndinatero, kenako ndinayesanso. Ulendo uno makina anaigwira, mayina a nyimbo n'kuyamba kutsika pa sikirini. Ndinatsegula imodzi. Poyamba kunamveka mabenchi akukokedwa, wina akutsokomola, ana akusewera panja. Kenako anamveka mawu a malemu eniakewo, akupereka poyambira nyimbo.

Ine misozi inalengeza, abwana anayang'ana kudenga. Koma mayi wamasiye uja sanalire. Anasendeza bokosi lawo pafupi ndi sipika, anamvetsera, n'kupukusa mutu.

"Mwayambiranso pamwamba, bambo a ana," anatero. "Amayi a m'kwaya afika bwanji kumeneko?"

Anakonza kukhosi, n'kuyamba kuimba nawo.