A Ndendende Akana Ukwati wa Mwana Wawo

"Ndiye uwauze malume akowo kuti akapanda kupita ku ukwati wa mwana wawo, ine ndikulongedza," anatero azakhali, akazi a malume, uku akusita. Malumewo anali pomwepo, pampando wawo wapakona, koma uthenga unkadzera kwa ine.

Ndinali nditangobwera kumene kuchokera kunja, ndi sutikesi imodzi ndi nzeru zambiri zomwe palibe anandipempha.

Malume amakonza mawotchi m'kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi ometa. Anthu amawatcha a Ndendende, chifukwa ukawafunsa nthawi sanganene kuti "cha m'ma folo". Tizitsulo ta mawotchi amatisanja m'zivindikiro za mabotolo, kuyambira kakang'ono. Ukawapatsa moni wa "muli bwanji", peza pokhala: ayambira bondo, atsirizire dzino. Kasitomala wina anatsanzika kuti "ndikubwera", malume n'kumudikira osakadya masana onse. Munthuyo anabweradi, patatha milungu iwiri.

Za ukwati anangoti sapita, chifukwa zokuzira mawu zimawalasa m'mutu ngati singano. Azakhali anamva kuti bamboyu alibe nazo ntchito za mwana, ngakhalenso za iwo.

Kunjako ndinkakhala nyumba imodzi ndi mnzanga amene anauzidwa ali wamkulu kale kuti ali ndi otizimu. Zochita zake zinkafanana ndi za malume, ndiye ndinalitchula liwulo pachakudya. Azakhali anafunsa ngati ndi mpingo watsopano. Amayi anga, omwe ndi alongo awo a malume, anati anzanga amabwera ndi magalimoto, ine ndabwera ndi matenda. Malume okha anapempha kuti awerenge za otizimuyo, ndiye ndinawapezera mapepala. Patatha masiku atatu anandibwezera mapepala atadula mizere ndi rula, nafunsa kuti wolembayo amawadziwira kuti.

Kwa dokotala wa maganizo tinapita katatu, ine, malume ndi azakhali. Ulendo wachitatu anafuna munthu amene anawaona akukula, ndiye amayi anatchena ngati akukaimira mboni. Dokotala, mayi wamagalasi, anafunsa ngati malume ali mwana ankayang'ana anthu m'maso.

"Ameneyu? Ayi ndithu. Mwana waulemu, aphunzitsi ankachita kumuloza kuti ena atengere."

Nanga ankasewera ndi anzake? Amayi anati sankayenda m'magulu oipa. Nanga kusanja zinthu m'mizere? Anati ndi ukhondo wa kwathu. Dokotala anavula magalasi n'kuseka, akuti funso lililonse amayi akulisandutsa mphotho.

Pamapeto pake anati inde, ndi otizimu. Si misala, si mwano, ndipo palibe jakisoni wake: ubongo wawo unapangidwa choncho. Phokoso limawapwetekadi, osati mongonamizira. Ine ndinakhala tsonga kudikira kuti wina andithokoze. Palibe anandiyang'ana n'komwe.

Azakhali anafinya chikwama pamiyendo. "Nanga adokotala, munthu wotere amakonda anzake?"

"Mwabwera nawo, afunseni."

Malume anali akuyang'ana wotchi yapakhoma, yomwe anali atanena kale kawiri kuti yatsalira ndi mphindi zinayi. Anayankha osatembenuka.

"Wotchi yanu yapamkono ndimaikoka m'mawa uliwonse musanadzuke. Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Munachedwapo?"

"Ine ndimayesa ndi yabwino chabe."

"Ndi yachabechabe. Ndinakuuzani tsiku lomwe munaigula."

Azakhali anaseka mpaka kupukuta m'maso, kenaka anawakalipira kuti munthu wanji wobisa chikondi m'wotchi.

Tili panjira anagwirizana ngati anthu otsatsana malonda. Malume adzalowa ndi mwana wawo, adzajambulitsa, adzakhala pampando wakumbuyo pafupi ndi chitseko. Kuvina ayi. Azakhali anapempha nyimbo imodzi yokha. Malume anafunsa kuti ndi ya mphindi zingati.

Pafamase yapakona azakhali anatiuza tidikire panja. Anatuluka ndi kapaketi ka timphira tachikasu totsekera m'makutu, tomwe dokotala anatchula. Malume anatambasula dzanja, koma iwo anakaponya m'chikwama n'kutseka zipi.

"Ndisunga ndine, bambo. Ndikakupatsani lero, muzitivala ine ndikamalankhula."

Malume anaganiza kaye, monga amachitira ndi funso lililonse, kenaka anavomera kuti zimenezo n'zoona.