Kapu ya Kuseri kwa Mapoto

Dzina loti a Kalawe anawapatsa ndi madalaivala a malole, chifukwa munthu akasuzumira pakawindo kotulutsira mbale ankawapeza ali ndi sipuni kukamwa. Anayamba kuphika mulesitilanti imeneyo tsitsi lili bii, pano laera, koma choyezera mchere sanachigwirepo. Muyezo wawo unali lilime. Poto wa nyama, wa nkhuku, wa nyemba, aliyense ankamulawa akayamba kuwira, n'kumulawanso pothira tomato, n'kumulawanso asanapakule. Lilime limeneli ndi lomwe linaphunzitsa mwana wawo wamkazi mpaka kumaliza sukulu, amake atamwalira.

Khitchini yake inali yoti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Utsi wa mafuta unadetsa denga, ndipo mphepo yokha yomwe inkalowa inali ya pakawindo kaja, pamodzi ndi phokoso la anthu anjala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina akukazinga anyezi anangoona mapoto akuzungulira, nakhala pathumba la mbatata thukuta lili kamukamu. Mwana wawo, yemwe amaluka tsitsi kusaluni, anasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kuthamangira nawo kuchipatala. Namwino anawayeza pamkono, n'kubwereza, kenaka anawayang'ana ngati mwana wopulupudza. Anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo mtima watopa. Achepetse mchere ndi mafuta, azidya masamba ndi zipatso, aziyenda pansi, mapiritsi asadumphitse. A Kalawe anavomera zonse mwaulemu, koma chamumtima anaseka. Namwinoyo sanafunse kuti amagwira ntchito yanji.

Mwana uja nkhaniyi anaigwira ndi manja awiri. Mchere wa m'nyumba anakapatsa aneba. Zokazinga zinatha, kunabwera zowiritsa. Madzulo ankawadikira pageti la lesitilanti kuti aziyenda wapansi m'malo mokwera minibasi, ndipo akafika ankawavula nsapato n'kudina chala pakakolo kuti aone ngati kutupa kukuphwa. Iwo akadandaula kuti chakudya chikumveka ngati nsanza yonyowa, iye sankaseka.

"Ababa, ine ndinaika kale kholo limodzi. Zakwana."

Kunyumba zinatheka. Nanga kuntchito? Anayesa kuchepetsa mchere m'mapoto, mbale zinabwerera zili theka, madalaivala akufunsa ngati wophika wayamba kuumira. Anayesa kulawitsa mtsikana woperekera zakudya, koma ameneyo ngakhale mukanamupatsa madzi otsukira mbale akanati zili bwino. Ndipo masipuni a tsiku lonse, poto uyu katatu, uyo katatu, ukawaphatikiza ndi mbale yodzadza ya msuzi wamchere ndi mafuta.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. A Kalawe anapeza kapu yakale yachitsulo n'kuibisa kuseri kwa mapoto. Akalawa, ankazunguza msuzi pa lilime, n'kupotoloka, n'kulavulira m'kapumo. Zinali zochititsa manyazi kwa munthu wolemekeza chakudya ngati iwo, koma zinagwira. Nsapato zinayamba kulowa bwino. Namwino anamwetulira, ndipo mwana uja tsiku limenelo anaimba njira yonse, akuti nyemba zake zowiritsa zachiritsa bambo ake.

Amene anaononga zinthu ndi dalaivala wina yemwe anzake ankamutcha Wailesi, poti pakamwa pake sipankazima. Masana ena chakudya chake chitachedwa, analowetsa mutu pakawindo, n'kupeza a Kalawe akulavula msuzi wa nyama womwewo umene iye anaitanitsa.

"Anzanga, eni ake akulavula, ife tikumeza!"

Poyamba anthu anaseka. Kenaka mmodzi anaika sipuni pansi, wina n'kununkhiza nyama yake. Pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo: akuti nyama yake imakhala yoola, akuti wophikayo amadziwa zimene amathiramo. M'mawa mwake malole anaima kulesitilanti ya tsidya la msewu, ndipo mpunga wa a Kalawe unazizirira m'poto.

Mayi mwini malo sanali munthu wankhanza, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Akanakalipa, mwina a Kalawe akanapsa mtima n'kuvula epuloni. Koma analowa m'khitchini, natseka chitseko, namvetsera nkhani yonse ya kuchipatala akugwedeza mutu. Anati nawonso amayi ake amadwala matenda omwewo. Atatero anatola kapu ija n'kuiponya m'bini.

"Achimwene, ine ndakumvani. Koma dalaivala simungamuuze za magazi anu. Iye akufuna akuoneni mukumeza. Apo ayi, titseka tonse."

Tsiku lomwelo anasuntha tebulo la mapoto n'kuliika pakawindo penipeni, kuti aliyense wodya aziona wophika akulawa.

A Kalawe anaganiza zosiya ntchito. Koma munthu waimvi amene sadziwa china koma mapoto angapite kuti? Khitchini ina iliyonse ili ndi mchere wake. Ndipo kukhala pakhomo kumadyera mwana woluka tsitsi, yemwe zala zake zomwe zinali zitayamba kale kudandaula, kunawaopsa kuposa mawu a namwino. Anachita mantha, mantha enieni, koma anatenga sipuni.

Wailesi anali pabenchi yakutsogolo, atabwera kudzaona yekha. A Kalawe anatunga msuzi wa nyama, mafuta akuyandama pamwamba, nauika m'kamwa. Unali bwino, mchere wake wokwanira ndendende, ndipo lilime linakondwa ngati laona mbale wake. Anameza. Madalaivala anaomba m'manja, malole anabwerera, mayi mwini malo anapuma.

Mwana wawo sanamuuze. Akanamuuza chiyani, iye akuyenda monyadira pambali pawo madzulo aliwonse, atanyamula nthochi ndi mapeyala m'jumbo?

Patapita milungu ingapo nsapato zinayambanso kuthina. Madzulo ena atafika kunyumba, mwana uja anagwada, nawavula movutikira, nadina chala pakakolo. Chala chinasiya kadzenje, ndipo kadzenjeko sikanabwerere msanga. Anadinanso mwendo winawo. Kenaka anayang'ana mbale ya nyemba zowiritsa yomwe inali patebulo, misozi ili lengelenge.

"Ababa, kodi ndikulakwitsa pati? Mchere ndinachotsa wonse. Kapena ndi kamafuta kaja ndimadonthezamo?"

A Kalawe anakoka mbale ija n'kuyamba kudya.

"Zakoma, amama," anatero.

"Musandinamize. Kuyambira mawa ndichotsa ndi mafuta omwe."

Anapukuta m'maso, natenga nsapato zija kukaziika pakhomo, pomwe bambo ake amazipeza m'mawa popita kuntchito.